Siliva wa Mfumukazi Victoria: chimapatsa ndalama yakale mtengo n'chiyani?

Shilingi ya m'nthawi ya Mfumukazi Victoria ndi kanthu kakang'ono. Ikamatuluka kosulira inkalemera magalamu 5.66 okha, ndipo ukaifumbata m'manja siioneka. Koma ikapezeka lero pansi pa sutikesi ya agogo kapena m'kachitini ka mabatani, pakhomo ponse pamatekeseka. Wina amati tithamangire nayo kutauni, wina amati tiibise, winanso amakhala atatapa kale phulusa kuti aikweche iwale. Onsewa funso lawo ndi limodzi, loti kodi ndi ya ndalama zingati. Funsolo ndi labwino, kungoti ambiri amaliyankha ndi ukale wokha, poganiza kuti chinthu chikadutsa zaka 100 ndiye kuti chasanduka chuma. Amene amatolera ndalama zakale saona choncho. Iwo amayang'ana chitsulo chake, kusowa kwake ndi mmene yasungikira, ndipo amene afika patali pa luso limeneli amayang'ananso nkhani imene ndalamayo yanyamula.

Chitsulo ndiye chosavuta kumvetsa. Victoria analowa ufumu wa Britain pa 20 Juni 1837 ali ndi zaka 18, ndipo anakhala pampando mpaka imfa yake pa 22 Januwale 1901. M'zaka zonsezi ndalama za siliva zosulidwa ku Royal Mint, pa Tower Hill mumzinda wa London, zinkatsata muyezo umene unakhazikitsidwa mu 1816. Pa magawo 1000 aliwonse, magawo 925 anali siliva weniweni, ndipo otsalawo anali mkuwa wolimbitsira, popeza siliva payekha ndi wofewa. Kulemera kwa ndalama kunkayendera limodzi ndi mtengo wake. Sikisipensi inali theka la shilingi, magalamu 2.83, tiki inali magalamu 1.41, florin ya mashilingi awiri inali 11.31, half crown 14.14, ndipo crown, chindalama chachikulu cha mashilingi asanu, chinali 28.28. Ukaika mashilingi asanu atsopano mbali imodzi ya sikelo, crown imodzi mbali inayo, sikeloyo inkaima chilili.

Apa ndiye kuti ndalama iliyonse yeniyeni ya Victoria ili ndi mtengo umene singatsikepo. Shilingi ili ndi siliva wopitirira pang'ono magalamu 5, crown ili ndi pafupifupi magalamu 26, ndipo ngakhale nkhope itafufutikiratu, siliva ameneyo amagulidwa pa mtengo wa tsikulo. Chaka cholembedwa pa ndalama chimathandiza kwambiri pamenepa. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, siliva anakwera mtengo kotero kuti mu 1920 boma la Britain linachepetsa muyezo kufika pa theka: siliva theka, zitsulo zina theka. Mu 1947 linachotseratu siliva, popeza linkafunika kubweza siliva amene linabwereka ku America pa nkhondo yachiwiri, ndipo ndalama zinayamba kusulidwa ndi mkuwa wosakaniza ndi nickel. Choncho shilingi yoyera mbee ya 1950 ilibe siliva ngakhale pang'ono, pomwe yakuda bii ya 1890 ndi siliva pafupifupi yonse. Maso amanamiza pa nkhani imeneyi.

Chokoma kwenikweni chili pa nkhope. Mu ulamuliro wa zaka zoposa 63, ndalama wamba za siliva zinaonetsa mfumukaziyi m'nkhope zitatu zikuluzikulu, ndipo iliyonse ili ndi mbiri yake. Yoyamba inajambulidwa ndi William Wyon, mmisiri wamkulu wa ku Royal Mint, ndipo inayamba kutuluka mu 1838. Ndi nkhope ya mtsikana woyang'ana kumanzere, khosi lili pamtunda, tsitsi lomangidwa kumbuyo ndi timalamba tiwiri, wopanda chisoti chachifumu. Nkhope imeneyi inakhalitsa modabwitsa. Anangoikonza pang'ono apa ndi apo, koma mpaka mu 1887 mayi wa zaka 68, wamasiye, wa zidzukulu zambirimbiri, ankaonekabe pa shilingi ngati namwali. Ine ndimaona kuti pa nkhope zitatuzi yokongola ndi imeneyi, chifukwa Wyon sanadzaze zinthu. Anasiya malo opanda kanthu mozungulira mutu, ndipo kuwala kukagwera pamenepo nkhopeyo imaoneka ngati yatuluka m'chitsulomo.

Yachiwiri inabwera mu 1887, pokondwerera zaka 50 za ufumu, ndipo anaijambula ndi Joseph Edgar Boehm. Anthu sanaikonde. Mfumukazi inaoneka yokwiya, ndipo kachisoti kakang'ono kamene anaika pamwamba pa mutu kankaoneka ngati kagwa mphepo ikangowomba. Patangotha zaka zisanu ndi chimodzi, mu 1893, anaichotsa n'kuikapo ya Thomas Brock, mmisiri yemwe pambuyo pake anasema chipilala chachikumbutso cha Victoria patsogolo pa Buckingham Palace. Ya Brock ikuonetsa nkhalamba yaulemerero yofunda nsalu yaumasiye kumutu. Pa ndalama zimenezi ndi pamene panawonjezedwa zilembo IND IMP, kusonyeza udindo wolamulira India umene anapatsidwa mu 1876. Munthu akayala mashilingi atatu a 1840, 1888 ndi 1897 patebulo, amaona moyo wa munthu mmodzi ndi kukula kwa ufumu wa atsamunda pa nthawi imodzi.

Otolera ndalama amakonda kwambiri pamene boma linaphonya. Mu 1849 anatulutsa ndalama yatsopano, florin, yolembedwa kuti ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a paundi. Uku kunali kuyesa koyamba kuti ndalama za Britain ziziwerengedwa m'makumi, zimene zinadzatheka mu 1971, chaka chomwecho chimene Malawi anasiya mapaundi n'kuyamba makwacha ndi matambala. Koma pa florin ya 1849 anangolemba VICTORIA REGINA ndi chaka, n'kusiya mawu achilatini a nthawi zonse onena kuti amalamulira mwa chisomo cha Mulungu. Kunabuka phokoso. Anthu anaitcha ndalama yopanda Mulungu, ena anati ndiyo yaitana mliri wa kolera umene unkasakaza dzikolo panthawiyo, ndipo ena analoza chala mkulu wa Royal Mint, Richard Lalor Sheil, poti anali Mkatolika wa ku Ireland. Kuyambira 1851 florin inasinthidwa, mawu aja anabwezeretsedwa, koma zilembo zake zinali za kalembedwe kakale kopotanapotana, ndipo chaka chinkalembedwa m'manambala achiroma kumapeto kwa mawu ozungulira mutu. Mpaka lero anthu ambiri akaigwira amati ilibe chaka, osadziwa kuti mdccclxxii yolembedwa m'mbalimo ndiye 1872.

Chaka cha 1887 chinabweretsa zophonya ziwiri. Sikisipensi yatsopano inali ndi chishango kuseri, yopanda mawu onena mtengo wake, ndipo kukula kwake kunali kofanana ndi half sovereign, ndalama ya golide ya mashilingi khumi. Akathyali sanachedwe. Ankaipaka utoto wa golide n'kukagulira zinthu ngati ya mashilingi khumi, ndipo chaka chisanathe boma linabwerera ku sikisipensi yolembedwa mtengo wake momveka. Inayo inali double florin ya mashilingi anayi, imene inkasiyana pang'ono chabe kukula ndi crown ya mashilingi asanu, zonse ziwiri zopanda mtengo wolembedwa. M'nyumba zomwera mowa, mu kuwala kochepa, atsikana ogulitsa ankailandira ngati crown n'kubweza chenji chopitirira, mpaka inapatsidwa dzina lonena za chisoni chawo. Inasulidwa zaka zinayi zokha, kuyambira 1887 mpaka 1890.

Munthu angaganize kuti ndalama zimene zinachotsedwa msanga chonchi ndiye zodula kwambiri. Ayi ndithu, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mu 1887 anthu ankadziwa kuti ndi chaka chapadera, choncho anasunga ndalama zatsopanozo m'madirowa osazigwiritsa ntchito. Zotsatira zake n'zakuti lero sikisipensi ndi shilingi za 1887 zonyezimira ngati zasulidwa dzulo zilipo zambiri, ndipo mtengo wake ndi wofikirika. Zosowa ndi za zaka wamba zimene palibe anazilabadira, zosulidwa zochepa n'kuthera m'manja mwa anthu: shilingi ya 1850, sikisipensi ya 1854, florin ya 1854, kapena sikisipensi ya 1893 yokhala ndi nkhope ya Boehm m'malo mwa ya Brock. Palinso crown ya 1847 ya zilembo zopotana zija, imene Wyon anajambula mfumukazi itavala chisoti ndi mkanjo wopetedwa. Inasulidwa 8,000 yokha, ambiri amati ndi imodzi mwa ndalama zokongola koposa zimene Britain anatulutsapo, ndipo yabwino imagulidwa mapaundi masauzande angapo pa okushoni. Koma shilingi wamba yoperepeseka ya m'ma 1890, imene inasulidwa m'mamiliyoni chaka ndi chaka, imagulidwa mapaundi ochepa chabe, osatalikira mtengo wa siliva wake.

Palinso tinthu ting'onoting'ono timene timasangalatsa odziwa. Pakati pa 1864 ndi 1879, mashilingi ndi masikisipensi ambiri ali ndi kanambala kakang'ono pamwamba pa chaka, kosonyeza chidindo chimene chinasula ndalamayo, ndipo alipo anthu amene amasaka manambala amenewa limodzilimodzi. Ma crown a nkhope ya Brock ali ndi mawu m'mphepete mwenimweni, otchula chaka cha ufumu m'manambala achiroma. Popeza chaka cha ufumu chinkasintha mu Juni, chaka chimodzi cha pakalendala chimakhala ndi mitundu iwiri, ndipo nthawi zina umodzi ndi wosowa kuposa unzake. Half crown ya pakati pa 1851 ndi 1873 yoti inkayenda pamsika kulibe, chifukwa anaimitsa kusula kwake pofuna kupatsa mpata florin. Wina akakubweretsera yotha ya chaka cha 1860, uyambe wakayika.

Mmene ndalama yasungikira ndi pamene mtengo umadumpha kwambiri. Ndalama ziwiri za chaka chimodzi zingasiyane mtengo kakhumi kapena kupitirira chifukwa cha tsitsi lokha. Itenge shilingi ya nkhope ya Wyon, uigwire m'mphepete ndi chala chachikulu ndi cha mkombaphala, uipendeketse pawindo. Yang'ana pamwamba pa khutu. Ngati tingwe ta tsitsi tikuoneka kamodzikamodzi, ndipo timalamba tiwiri tija tili ndi m'mbali mwake mwakuthwa, ndalamayo sinayende kwambiri. Ngati pamenepo pasalala n'kukhala chigamba chimodzi, yadutsa m'manja ambiri. Pa crown ya 1887 kapena ya pambuyo pake yang'ana kuseri, pamene pali chithunzi cha Benedetto Pistrucci cha George Woyera ali pa kavalo akulimbana ndi chinjoka: chifuwa cha wokwerayo ndi ntchafu yake ndi zimene zimayamba kutha. Amalonda a ku Britain ali ndi masitepe awo oyezera, kuyambira Fine, Very Fine, Extremely Fine mpaka Uncirculated, imene sinayendepo n'komwe. Ku America amagwiritsa manambala kuyambira 1 mpaka 70, ndipo makampani monga PCGS ndi NGC amayeza ndalama n'kuitsekera m'kabokosi koonekera. Buku la mitengo limene limatuluka ku Britain chaka ndi chaka limasonyeza mtengo wa sitepe iliyonse payokha.

Phulusa lija ndi mdani wamkulu. Siliva akakhala zaka zambiri amathimbirira chifukwa cha sulufule wa mumpweya, ndipo amatenga mtundu wotuwa, wabuluu pang'ono kapena wofiirira. Kwa ife ozolowera kukwecha mapoto mpaka awale, kuthimbirira kumeneku kumaoneka ngati litsiro. Kwa wotolera ndi chikopa cha ndalamayo, umboni woti palibe waiseweretsa. Ukaikwecha ndi phulusa, mchenga, mankhwala otsukira mano kapena opukutira zitsulo, umachotsa kachikopa kopyapyala ka siliva n'kusiya timizere tambirimbiri timene timaoneka bwino pa galasi lokuzira zinthu. Kuwala kumene kunabwera ndi chidindo sikubwereranso. Ndalama imene ikanagulidwa bwino imatsika mtengo ndi theka kapena kuposa m'mphindi ziwiri zokha, ndipo zimandiwawa kuti kawirikawiri woiwonongayo amachita zimenezi chifukwa choikonda. Kuboola nakonso kumatsitsa mtengo, ngakhale kuti ndalama yobooledwa imakhala ndi nkhani yake, poti wina anaivalapo m'khosi. Kusunga kwabwino n'kosavuta: malo ouma, iliyonse m'kaenvelopu kake, kutali ndi malabala ndi mapulasitiki ofewa amene amasiya zobiriwira pa chitsulo.

Za zabodza nazo zilipo, zakale ndi zatsopano. M'nthawi ya Victoria momwemo anthu ankasungunula mtovu ndi zitsulo zina zotchipa n'kuthira m'zikombole, ndipo masiku ano ma crown abodza, makamaka a 1847, adzaza m'misika ya pa intaneti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sikelo yaing'ono yoyeza magalamu ndiyo mboni yoyamba: crown yeniyeni, ngakhale yotha, siitalikira kwambiri magalamu 28, pomwe yabodza imapepuka kapena imanenepa kuti ikwanitse kulemera. Maginito sagwira siliva, choncho ikamamatira ndi yabodza, koma kusamamatira pakokha si umboni wokwanira, popeza mkuwa nawo sugwidwa. Ya m'chikombole imakhala ndi timaenje ting'onoting'ono, zilembo zofewa ndi kamzere m'mphepete pamene chikombole chinakumana. Pali kuyesa kwina kumene ambiri sakudziwa. Gwira shilingi ya nkhope ya Wyon mutu uli chilili, uitembenuze cham'mbali: kuseri kumaoneka chadodolido. Kuyambira pa nkhope ya 1887, mbali zonse ziwiri zimaima mofanana. Kuyesa ndi asidi kapena kupala ndi mpeni n'kuwononga chabe.

Kodi ndalama zimenezi zikutikhudza bwanji kuno? Zikutikhudza, ndipo osati mokoma. Dziko limene lero ndi Malawi linalowa m'manja mwa Britain mu 1891, Victoria ali pampando, Harry Johnston ali woyang'anira wake kuno. Malonda ambiri panthawiyo ankayendera nsalu, mikanda ndi mchere, ndipo marupiya a siliva a ku India, okhalanso ndi nkhope ya Victoria, ankalowa kudzera kugombe la nyanja ya mchere. Chimene chinakakamiza anthu kusaka ndalama yachitsulo ndi msonkho wa nyumba, umene kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 unali mashilingi atatu pachaka. Munthu wokhala ndi nkhokwe yodzaza, wosasowa kanthu, ankayenera kupita kukagwira ntchito m'minda ya azungu kapena kusenza mtengatenga kuti apeze tizitsulo titatu timeneti. N'chifukwa chake ine sindinyoza shilingi yotha. Wamalonda wa ku London angaiponye m'mbale ya zosungunula, koma ikapezeka m'banja la ku Thyolo kapena ku Zomba, n'kutheka kuti kusalala kwakeko kunachokera m'manja mwa anthu amene anaikhetsera thukuta. Yonyezimira ya 1887 inagona m'dirowa zaka zonsezi. Yothayo ndiyo inaona dziko.

Pambuyo pake kunabwera ndalama za Southern Rhodesia, zimene zinayamba mu 1932 zili za siliva n'kusiya siliva mu 1947, kenako za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Ndalama za tsiku ndi tsiku za Chitaganya zilibe siliva, ndipo khobidi lobooka pakati lija, la njovu ziwiri, ndi la mkuwa. Ndikutchula zimenezi chifukwa cha mphekesera zimene zimabuka nthawi ndi nthawi m'midzi ndi m'matauni mwathu, zoti kuli azungu ogula ndalama zakale mamiliyoni, zoti zina zimakoka singano kapena zili ndi mphamvu zachinsinsi. Adobadoba amadyerapo pawiri. Kwina amagula ndalama yabwino kwa nkhalamba pa mtengo wa botolo la mafuta ophikira, kwina amagulitsa khobidi wamba kwa munthu amene wagulitsa mbuzi zake poyembekezera wogula wamkulu amene safika. Siliva alibe mphamvu ina iliyonse yoposa ya chitsulo, ndipo mitengo yeniyeni si yachinsinsi. Imalembedwa m'mabuku, ndipo zotsatira za maokushoni zimaikidwa poyera pa intaneti kuti aliyense aone.

Kutolera ndalamazi ngati njira yolemerera sindingakulimbikitse kwa munthu wongoyamba. Wamalonda amagula motsika n'kugulitsa mokwera, ndipo mpata wapakatiwo umadya phindu la zaka zingapo. Mtengo wa siliva nawo umavinavina. Kumayambiriro kwa 1980, pamene abale a banja la Hunt a ku Texas ankayesa kugwira msika wonse, unafika pafupifupi madola 50 pa aunsi imodzi, kenako unagwa mwadzidzidzi pasanathe miyezi itatu. M'nyengo zokwera ngati imeneyo ndalama zakale zambirimbiri zimathera m'ng'anjo, ndipo yosungunulidwa siibwerera. Zimene zimasunga mtengo bwino ndi zosowa zenizeni zosungika bwino, koma kuzizindikira kumafuna diso limene limabwera ndi kugwira ndalama zambiri.

Wofuna kuyamba achepetse munda. Mmodzi angasankhe shilingi yokha n'kupeza nkhope zitatu zija. Wina angasake ndalama zisanu ndi ziwiri za siliva za 1887, kuyambira tiki mpaka crown, poti zimapezeka zabwino pa mtengo wopirira. Wina angatsate nkhope ya Victoria kunja kwa Britain, pa rupiya ya ku India ya magalamu 11.66, imene isanafike 1877 inkamutchula mfumukazi ndipo kuyambira chaka chimenecho inayamba kumutchula wolamulira ufumu wa India. Sikelo, galasi lokuzira ndi buku la mitengo zigulidwe ndalama yodula isanagulidwe. Ndipo amene wapeza ya makolo, asanaganize zogulitsa, aijambule mbali zonse ziwiri, aiyeze kulemera, afunse akuluakulu amene adakali moyo kuti inali ya yani ndipo inabwera bwanji pakhomopo, alembe zimenezo pakapepala n'kusunga pamodzi ndi ndalamayo. Akafuna kugulitsa, afunse mitengo kwa ogula osachepera awiri, ndipo asalole munthu kuchoka nayo ponena kuti akukaiyezetsa.